Kalata ya agogo ikudyedwa ndi njenjete

A Mkonzi,

Agogo anga aamuna adamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ali m'gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR). Atatisiya, tidapeza kabokosi kachitsulo kunsi kwa kama wawo. Mudali mendulo ya Burma Star, lamba wothetheka ndi kampango ka agogo aakazi komwe adapita nako kunkhondoko. Mudalinso kalata imodzi yomwe agogo aakaziwo adachita kulembetsa kwa aphunzitsi, poti sukulu sadapiteko. Nkhani yake? Mbuzi yaswa awiri, denga likudontha, mubwera liti.

Pano njenjete zayamba kuidya m'mbali. Novembala aliyense akuluakulu amakaika nkhata pachipilala cha asilikali ku Zomba, sindikutsutsa ayi. Nanga zinthu ngati izi tikazisungitse kuti, abomanu?

Mdzukulu wa msilikali,
Ntcheu