Kwa mnzanga wa ku Joni: za puloti ya pafupi ndi kumtaya

Lilongwe, mwezi wa Julaye

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chavuta, m'mawa madzi sakugwirika.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mwapeza puloti yotchipa cha ku Area 38 ndipo mukufuna kutumiza ndalama mwezi uno. Malowo ndinakawaona. Ndikukupemphani, ndalamazo zibayamba zadikira. Pulotiyo yayandikana kwambiri ndi kumtaya, ndipo mukudziwa kuti masiku ano ndimadyera ntchito yoyeza mpweya m'malo otayako zinyalala. Nditangokuuzani kuti gulani, ndiye kuti chinansi chathu ndi chabodza.

Wogulitsayo akuti fungo silifika pamalopo. Mwina tsiku limene iye anaimapo mphepo inkapita kwina. Koma ngakhale atanena zoona, mphuno siyeza kanthu. Zinyalala zikaunjikana n'kumaola pansi pamene sipalowa mphepo, zimatulutsa mpweya umene pafupifupi theka lake ndi methane, theka linalo carbon dioxide. Yonse iwiri ilibe fungo. Methane akachuluka kufika magawo 5 mpaka 15 pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, kamtengo kamodzi ka machesi n'kokwanira kuphulitsa nyumba. Chondiopsa ine n'chakuti mpweyawu suthera m'mwamba wonse. Wina umayenda pansi, kutsata ming'alu ya nthaka ndi ngalande za mapaipi, n'kukasonkhana m'thanki ya chimbudzi, m'chitsime kapena pansi pa simenti ya nyumba. Ku Loscoe, m'dziko la England, nyumba ina yoyandikana ndi mtaya inaphulika mu 1986 ndipo anthu 3 amene anali m'katimo anavulala. Ofufuza anapeza kuti mpweya unachokera kumtayako, n'kudutsa m'miyala ya pansi.

Umene umanunkha ngati mazira oola ndi wina, dzina lake hydrogen sulphide. Ameneyu ndi wachinyengo. Akakhala wochepa, aliyense amatseka mphuno. Akafika magawo ngati 100 pa miliyoni, amapha mphamvu ya mphuno yonunkhiza, munthu n'kumati fungo latha, pamene ngozi ndiye yakula.

N'chifukwa chake timanyamula makina. Kachipangizo kathu kam'manja kamaona mitundu inayi nthawi imodzi: methane, okosijeni, hydrogen sulphide ndi carbon monoxide, uja amapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Tisananyamuke timayamba takanunkhitsa mpweya wa m'kabotolo umene mlingo wake ukudziwika kale, kuti tione ngati kakunena zoona. Tikafika timayenda pang'onopang'ono m'mizere, kamlomo kake katatsala pang'ono kukhudza pansi, kuima pamng'alu uliwonse. M'malire timakhoma chitsulo m'nthaka, kuchizula, n'kulowetsa kapaipi kokoka mpweya wa pansi. Mpweya wabwino umakhala ndi okosijeni magawo 20.9 pa 100. Akatsika kupitirira 19.5 kachipangizoko kamalira, ndipo lamulo lathu n'loti kakalira palibe kukambirana, aliyense abwerere moyang'ana kumene mphepo ikuchokera.

Nkhani ya mphepoyi musaiderere. Timayeza mbali ziwiri, kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, kuti tisiyanitse za kumtaya ndi utsi wa magalimoto kapena wa makala a m'makomo. Nthawinso ndi nkhani. Munthu woyeza masana, dzuwa litatentha ndipo mwera ukuomba, amabwerako ndi manambala osangalatsa. Pitani mbandakucha miyezi ino ya chisanu, mukapeza utsi wagona pansi osakwera, ukukwawa kulowa m'makomo anthu ali m'tulo. Ine ndikaona lipoti loyezedwa masana okhaokha sindilikhulupirira.

Utsiwo ndiwo umandisowetsa mtendere kuposa zonse. Kumtaya moto suchedwa kubuka, wina woyatsa anthu, wina wongonyeka pansi masiku ambiri osaoneka malawi. Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo n'kufika m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti pa tsiku tisapitirire mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita ya mpweya, ndipo avareji ya chaka chonse isapitirire 5. Mukumbuke kuti mwana wanu wamkulu uja ali ndi mphumu.

Ndiye ganizirani zimene zikupsazo. Kwathu kuno ndani amasankha zinyalala? Mu bini imodzi timaponyamo makoko a nthochi, mabatire a tochi, mababu aja osunga magetsi amene ali ndi poizoni wa mercury, zitini za penti, mabotolo a mankhwala opopera m'dimba, mapiritsi otha ntchito, mafoni akufa. Anyamata ofuna kopa amaotcha mawaya kuti pulasitiki ichoke. Pulasitiki ya mtundu wa PVC ikapsa pamoto wosakwanira imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene amakhala zaka m'nthaka, n'kumaunjikana m'mafuta a nyama ndi m'mazira a nkhuku zoyenda pamalopo. Ali pamndandanda wa mankhwala oopsa a m'pangano la Stockholm la 2001, limene Malawi analowamo. Kachipangizo kam'manja sikamuona ameneyu. Pamafunika pampu yokoka mpweya kudutsa m'sefa kwa maola ambiri, kenako sefayo n'kupita ku labotale ya zida zapadera, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Mtaya womangidwira zinyalala zoopsa umayalidwa dongo ndi pulasitiki yokhuthala pansi, zinyalala zimakwiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo mumazikidwa mapaipi okoka mpweya kuti ukaotchedwe pamalo amodzi. Ku America lamulo limafuna kuti malo otere aziyang'aniridwabe zaka 30 atatsekedwa. Kwanu komweko, pa mtaya wa Robinson Deep, methane amamukoka n'kupangira magetsi. Mukadzadutsako mudzandijambulire, ndimafunitsitsa nditaona. Wathu wa ku Area 38 ndi wapamtetete, zinyalala zimangokhuthulidwa.

Pali china chimene chikundipweteka mtima, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu. Ife timapita titavala magambuti, magolovesi ndi zotchinga kumphuno zokhala ndi sefa. Pambali pathu pamakhala amayi akutola mabotolo ndi zitsulo, ena mwana ali kumbuyo, atangodzikulunga chitenje kukamwa. Nsalu siitchinga mpweya wa poizoni ngakhale pang'ono. Mayi wina anandifunsa kuti, "Achimwene, makina anuwo akuti bwanji, tikhala ndi moyo?" Ndinakhala naye pansi n'kumuuza zimene angathe: asamagwire ntchito kumene utsi ukulowera, asamatsikire m'maenje, mwana azimusiya kutali, akamva chizungulire kapena mutu achoke nthawi yomweyo. Koma mayiyo ndi woyenera zoposa malangizo a munthu wodutsa. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo. Ine ndimati zotsatira za kuyezaku zizibwerera kwa eni mapapo, m'Chichewa, pamsonkhano wa mfumu, osathera m'mafayilo. Ndayamba kulimbana nazo kuntchito ndipo sindisiya.

Ngati mtima wanu uli pomwepo, tiyeni tichite chonchi. Ndikayeze mpweya wa pansi ndi utsi panopa, ndidzayezenso mvula ikagwa mu Januwale, chifukwa zinyalala zikanyowa zimaola msanga ndipo mpweya umachuluka. Madzi a m'zitsime zoyandikira apitenso ku labotale, popeza madzi akuda otuluka m'zinyalala amalowa pansi. Wogulitsa akakana kudikira, musiyeni. Loweruka lino ndikhoza kuyendako mbali zina za tauni kukakuonerani mapuloti, mungondiuza ndalama zimene mwakonza.

Amayi anu ndinakumana nawo kutchalitchi Lamulungu, ali bwino, kungodandaula mwendo. Akuti muwaimbire. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Lilongwe