Ndinalipira K124,700,000, mnyamata wanu akuti ndikweze wailesi

Kwa akuluakulu a kampani imene inandigulitsa galimoto ku Blantyre,

Ndalemba pano pagulu chifukwa mafoni anga mwasiya kuyankha, ndipo kalata imene ndinasiya pa risepushoni panu palibe amene wandiyankha. Dzina la kampani yanu sindilitchula lero. Mukudzidziwa, ndipo chithunzi cha jobu khadi yanga, pepala lija mumalembapo ntchito ya pa galimoto ikabwera ku sevisi, ndakutumizirani kumbali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndatsekula.

Ine ndine mayi wa ku Mangochi. Ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali pa shopu yanga ku boma. Kwa zaka 9 ndayendera kagalimoto ka ku Japan kamene kanalowera pa Songwe katatha kale ntchito kwawo, ndipo sikanandichititsepo manyazi. Chaka chino ndinati nanenso ndigule yatsopano, yamapulasitiki pamipando, yaitali, yoti ndikamakatula katundu ku Namwera kapena ku Makanjira nthawi ya dzinja ndisamagone m'matope. Ndinakupatsani K124,700,000. Ina ndinachita kusunga pang'onopang'ono, ina ndi ngongole, ndipo a banki akudula K2,960,000 mwezi uliwonse osaphonya.

Vuto linayamba tsiku lomwelo ndinaitenga. Kuchoka mu Limbe mpaka pa Njuli zonse zinali bwino, mwana wanga wamkazi akujambula mavidiyo oti atumizire agogo ake. Titadutsa pa Namadzi, singano itangofika pa 80, ndinamva mluzu pafupi ndi khutu langa lamanja, pakona pamene chitseko cha dalaivala chimakumana ndi galasi lakutsogolo. Fiiii, osalekeza. Ndinaganiza kuti mwina windo sinatsekeke bwino. Ndinaitsitsa, kuikweza. Ndinaima pa Thondwe, kutsekula chitseko, kuchimenyanso mwamphamvu. Titanyamuka, mluzu uja unabwereranso pamalo pomwepo. Ukatsika pansi pa 70 kuli zii. Ukafika pa 100, pamsewu wosalala uja wochoka pa Liwonde kudutsa pa Ulongwe, mluzu umasanduka mkokomo ngati mwera ukuomba pa nyanja mwezi wa July, moti munthu wokhala naye pambali umachita kumukuwira. Ndikafika kunyumba mutu umakhala ukuphwanya mbali imodzi.

Patapita masabata awiri kapena atatu ndinaona chinanso: fumbi lofiira likumatirira mkati mwa felemu ya chitseko chomwecho, pamwamba pakona. Zitseko zina zitatu mkati mwake muli mbee. Pamene palowa fumbi madzi alowanso, ndipo mvula sili patali.

Ndinaimba foni kangapo. Mtsikana amene anandiyankha, iyeyo ndilibe naye chifukwa, anati ndibwere nayo m'mawa 8 koloko, aiona pa waranti. Linali Lachiwiri kapena Lachitatu, sabata ija mu Blantyre munali chiperoni. Ndinatseka shopu, kunyamuka 4 koloko mbandakucha, ndekha, mluzu uli m'khutu njira yonse. 8 koloko isanakwane ndinali pa geti panu.

Tsopano mumve zimene anandichita mnyamata wanu wa pa tebulo lolandirira magalimoto a sevisi.

Ndinakhala pampando mpaka cha m'ma 11. Azibambo atatu amene anandipeza anathandizidwa ine ndikuona, mmodzi mpaka anamupatsa tiyi. Nditaimirira kukafunsa, mnyamatayo sanadzutse ngakhale mutu pa foni yake. Anati, "Mayi, eni ake a galimotoyi ali kuti?" Ndinati ndine. Anati, "Ndikunena bambo. Nkhani za galimoto timamvana msanga ndi bambo." Ndinamuonetsa buluu buku, dzina langa lili pomwepo. Anangoti, "Oho." Mwana woti ndingamubereke. Ndinameza malovu chifukwa chimene ndinabwerera ndi galimoto, osati mkangano.

Kenako anati tiyeni tikaimve. Anakhala pa chiwongolero iye, kulowa nayo mumsewu wa m'tauni nthawi ya nkhomaliro, maminibasi ali ndiii, ife tikukwawa pa 30, pa 40. Mphindi khumi, wakhota kubwerera. "Palibe chimene ndikumva ine." Ndinamuuza kuti achimwene, ndakuuzani kuti phokosoli limayamba pa 80, tiyeni titulukire msewu wa Midima kapena wa ku Chileka, mukalimva musanayende patali. Anandiyankha kuti, "Ife sitinalembedwe ntchito yoyenda maulendo." Mafuta anali anga. Galimoto yanga. Nthawi yotayika yanga. Chimene akanataya iye n'chiyani?

Titabwerera, pamaso pa anzake awiri ndi makasitomala ena, ndi pamene ananena mawu amene mpaka lero akundiwawa kuposa mluzuwo: "Mayi, magalimoto aataliwa onse amatero. Mwina munazolowera timagalimoto ting'onoting'ono. Mukamva phokoso muzingokweza wailesi." Anzake aja anaseka. Mmodzi anachita kutembenukira kukhoma kuti asekere bwino. Ine ndili chiimire, mayi wa zaka 52, makiyi m'manja.

Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani, munthu amene wapereka K124,700,000 ndi wouzidwa kuti akweze wailesi? Ndalama imeneyo ndi matumba angati a simenti amene ndakweza ndi kutsitsa? Kodi akanabwera bambo wa tayi, kapena galimoto ikanakhala ya bungwe, akanamuyankha choncho?

Sizinathere pomwepo. Nditaumirira kuti sindichoka osaiona, anati aiika pa kompyuta, koma ndilipire K85,000 chifukwa "phokoso si la pa waranti". Ndinalipira, risiti ndili nayo. Galimoto anaitulutsa 5 koloko itadutsa, pa jobu khadi atalemba mawu atatu a Chingerezi otanthauza kuti sanapeze vuto. Msewu wa Zomba usiku, ndekha, sindikanayerekeza, ndiye ndinagona ku loji. Werengani nane: mafuta kupita ndi kubwera K138,000, kompyuta yanuyo K85,000, pogona K60,000, chakudya K17,500. Yonse K300,500, osawerengera masiku awiri shopu ili yotseka. Ndinabwerera ku Mangochi ndi mluzu womwewo.

Amene anandithandiza ndi makaniko wachikulire wa kwathu kuno, wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, amene anakonza kagalimoto kanga kakale zaka zonse zija. Nditamuuza za kompyuta anapukusa mutu. Anati kompyuta imawerenga zimene masensa a injini, magiya ndi mabuleki alemba. Kabowo kolowera mphepo sikangaoneke pamenepo ngakhale ataiyika tsiku lonse. Ndiye K85,000 ija munandilipiritsa ya chiyani?

Ananditumiza kukagula tepi ya pepala, ija amamatira opaka penti. K3,500. Tinapita pamsewu wa ku Monkey Bay. Anayamba kumata tsinde la galasi lam'mbali, chifukwa akuti magalasi aakulu a magalimoto otere ndi amene kawirikawiri amasokoneza mphepo. Tinathamanga, mluzu ulipo. Anamasula zitsulo ziwiri zopingasa za padenga, zija zomangirapo katundu, poti nazonso zimalira. Ulipo. Anamata m'mbali mwa galasi lakutsogolo kuti aone ngati rabala yake yatukuka. Ulipobe. Ulendo wachinayi anamata mpata wa pamwamba pa chitseko cha dalaivala, kuyambira pakona mpaka pakati, ine ndinalowera chitseko chinacho. Singano pa 80, zii. Pa 100, zii. Koyamba chigulireni galimotoyi ndinamva mwana wanga akulankhula kumpando wakumbuyo osamufunsa kuti wati chiyani. Ndinaimika galimoto pambali, misozi inangotuluka yokha.

Sanalekere pomwepo. Anatenga K1,000 yapepala, kuipana ndi chitseko pakona paja, kuikoka: inatuluka ngati palibe chaigwira. Pamalo omwewo chitseko cha pasenjala, inakana kutuluka mpaka kuopa kuti ing'ambika. Kenako anatseka mawindo onse, kuyatsa fani mwamphamvu kuti izikoka mpweya wa kunja, iye n'kupaka thovu la sopo m'mbali mwa chitseko ali panja. Pakona pomwepo thovu linayamba kufufuma. Zonsezi ndinajambula vidiyo.

Mawu ake anali akuti rabala ya chitseko sikugunda bwino felemu. Mwina rabalayo sinakhale bwino mumsewu mwake, mwina chitseko chenichenicho chinakhala chotulukira kunja pang'ono, chofunika kusuntha pa mahinjesi kapena pa kachitsulo kamene loko amakola. Anati ndi ntchito yosafika ola limodzi kwa munthu amene ali ndi zida ndi miyezo ya fakitale. Koma iye anakana kugwirapo sipanala. Anati, "Mayi, ndikangomasula bawuti imodzi, mawa adzati mwaononga nokha, waranti yatha." Munthu wa pansi pa mtengo akuteteza waranti yanga, inu amene munaisindikiza mukuikana.

Kuti galimoto yaitali imamveka mphepo kuposa yaifupi, zimenezo sindikutsutsa. Ili ndi nkhope yaikulu, magalasi aakulu, mphepo iyenera kumveka. Koma kumveka kumeneko kumakhala kwa phuu, mbali zonse ziwiri mofanana. Mluzu ndi chinthu china. Mluzu umafuna kampata kakang'ono, ngati mwana akuuzira pakamwa pa botolo. Mnzanga wina wa ku Balaka ali ndi galimoto yofanana ndi yangayi, mtundu womwewo, chaka chomwecho. Ndinakwera dala, tinathamanga mpaka pa Chingeni, palibe mluzu. Ndiye mawu oti onse amatero ndi bodza, ndipo mnyamata wanu ananena bodzalo kuti andichotse pa tebulo lake.

Pali funso lina limene likundisowetsa tulo, ndipo ndikufuna yankho lolemba. Magalimoto amenewa amayenda ulendo wautali kuchoka padoko asanafike m'sitolo mwanu, akukwezedwa ndi kutsitsidwa. Kodi chitseko ichi chinagundidwapo panjira n'kukonzedwa musanandigulitse? Musanapereke galimoto yatsopano mumayenera kuiyendera yonse n'kusaina pepala. Pepala la galimoto yanga ndikulifuna, ndione amene anasaina kuti zitseko zili bwino. Ngati ndinalipira mtengo wa yatsopano pa galimoto yokonzedwapo, nkhaniyi yasiya kukhala ya rabala.

Ndaimba foni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi chibwerereni. Manejala ali mu mitingi. Manejala wapita ku Lilongwe. Tikuimbirani. Komaliza mtsikana uja anachita kunong'ona kuti, "Mayi, pepani, ine ndimangolandira mafoni." Ndinamumvera chisoni, chifukwa mukumuika patsogolo kuti azilandira mkwiyo umene si wake.

Ndiye mumve bwino. Ndikukupatsani masiku 7 kuyambira lero. Chitseko chimenechi muchikonze pa waranti, rabala ikhale yatsopano, ndipo tikaiyese limodzi pamsewu wotseguka, ine ndili momwemo, singano pa 100. Ku Blantyre sindibweranso ndi mafuta anga: mutumize makaniko wanu kuno ku Mangochi, apo ayi mudzaitenge nokha n'kundisiyira ina yoyendera. K300,500 yanga mubweze yonse, osati kundilonjeza sevisi yaulere. Ndipo mnyamata uja sindikupempha kuti mumuchotse ntchito, mwina ali ndi ana akudyetsa, koma andipepese pamalo pomwe anandinyozera, anzake oseka aja ali pomwepo.

Masiku 7 akakwana muli chete, ndikukatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission. Lamulo latsopano la 2024 linawapatsa mphamvu yolipiritsa chindapusa makampani opondereza ogula, ndipo mafayilo anga ndi okonzeka: marisiti, jobu khadi, mavidiyo a tepi ndi thovu la sopo. A Consumers Association of Malawi nawonso ndiwalembera. Loya ndalankhula naye kale. Ndipo ndibwerera pano kudzalemba dzina la kampani yanu ndi zilembo zazikulu, vidiyo ya mluzu ili pamwamba, kuti amalonda anzanga a ku Mangochi, Liwonde ndi Balaka amene akhala akundifunsa kuti galimotoyi ndinagula kuti adziwe kumene sayenera kupondako. Awiri mwa iwo anali atayamba kale kukambirana ndi banki. Ngati zifika poipa, ndidzaiimika pa geti panu ndi chikwangwani, ndikhale pomwepo mpaka manejala atuluke mu mitingi.

Inu amene muli ndi galimoto yatsopano ikuchita zomwezi, kaya munagula kuti, lembani pansipa kuti anakuyankhani bwanji. Ndipo amayi anzanga amene munafunsidwapo kuti bambo ali kuti pa chinthu chimene munagula ndi thukuta lanu, musakhale chete, ndikufuna akuluakuluwa awerenge.

Loweruka lapitali ndinapita ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga ku Zomba, tepi ili mbuu pachitseko, ine mwini galimoto ndikulowera kwa pasenjala n'kudumpha giya kuti ndikafike pa chiwongolero. Anthu ankandifunsa ngati ndachita ngozi. Pa 28 a banki adulanso K2,960,000. Nambala yanga ili pa jobu khadi, imbani.