Fungo la kalulu wa m'nyumba: mmene tingalithetsere

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya akalulu amene mabanja ena kuno ku Lusaka akusunga m'nyumba, makamaka m'maflati a ku Kabwata ndi m'nyumba za lendi za ku Chilenje kumene kulibe malo omanga khola. Sabata yoyamba ana amakondwera, koma pakatha mwezi mlendo aliyense amalowa atakwinya mphuno, a landilodi ayamba kudandaula, kenako kalulu uja n'kutulutsidwa panja padzuwa. Chonsecho kalulu wathanzi sanunkha. Amadzinyambita ngati mphaka, ndipo ndowe zake zouma zija, timibulu 200 kapena 300 patsiku, zilibe fungo loti n'kudandaulitsa munthu. Chimene chimanunkha ndi mkodzo wogonera.

Mu mkodzo muli urea, yemwe uja timamva dzina lake pa feteleza. Mabakiteriya akamupeza pamalo onyowa ndi ofunda amamusandutsa amoniya, mpweya wolasa m'mphuno uja. N'chifukwa chake beseni lodzithandiziramo kalulu limene limapirira masiku atatu mu Juni limanunkha tsiku lomwelo mu Okutobala. Ife fungolo timalimva titaimirira, koma kalulu mphuno yake ili pansi pomwepo usana ndi usiku, ndipo amoniya akachuluka amam'tukusira maso ndi njira ya mpweya.

Tengani beseni lapulasitiki la makona anayi, la masentimita pafupifupi 40 m'lifupi ndi 55 m'litali, lakuya masentimita 10 mpaka 15, loti kalulu azitha kutembenukamo bwinobwino. Likachepa amalowetsa mutu mkati, kumbuyo kuli kunja, mkodzo n'kumatsikira pasimenti. Liikeni pakona imene iye wasankha kale. Musalimbane naye pa zimenezi, mudzatopa ndinu. Pansi yalani mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi a nyuzipepala, pamwamba pake chinthu choyamwa madzi chokhuthala masentimita awiri kapena atatu, ndipo mbali imodzi muunjike udzu wouma wodzaza manja awiri. Kalulu amakonda kudya akudzithandiza, choncho udzuwo ndi umene umam'kokera m'beseni.

Anthu ambiri amalakwitsa pa choyamwa madzicho. Chabwino koposa ndi timibulu ta mapepala kapena ta matabwa oumitsidwa pamoto timene timagulitsidwa m'masitolo a ziweto, chifukwa timamwa mkodzo n'kuutsekera mkati. Ngati thumba silikulola, nyuzipepala ndi makatoni ong'ambang'amba zimagwira ntchito, bola muzisintha tsiku lililonse. Utuchi wa kwa akalipentala usiyeni ngakhale uli waulere. Fumbi lake limalowa m'mapapo, simudziwa ngati matabwawo anapakidwa mankhwala a chiswe, ndipo zopala za paini wamuwisi zimatulutsa mafuta onunkhira amene akatswiri a ziweto amachenjeza kuti amavutitsa chiwindi cha kalulu. Mchenga wa amphaka umene umaundana ukanyowa ndi woopsa kwambiri, pakuti kalulu amalawa chilichonse ndipo sasanza, ndiye mchengawo umakaundana m'matumbo. Makoko a mtedza amachita nkhungu msanga nyengo ya mvula.

Palinso phulusa. Ambiri tinazolowera kulithira m'chimbudzi chokumba, ndiye timaganiza kuti lithandizanso m'beseni la kalulu. Phulusa likakumana ndi mkodzo limachititsa kuti amoniya atuluke msanga, fungo n'kukula. Soda wophikira nayenso asathiridwe momwe kalulu angam'nyambite. Zopoperapopera zonunkhiritsa m'nyumba zimangosakaniza mafungo awiri, kalulu n'kuyamba kuyetsemula.

Kalulu amakodza pakona imodzi ya beseni. M'mawa uliwonse chotsani chonyowa chonse cha pakonapo mpaka pansi, muikepo chouma, mutayenso udzu umene wanyowa. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma ndiyo imachotsa fungo lalikulu. Beseni lonse likhuthulidwe pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, tsiku lililonse.

Mukakhuthula mudzaona chikhakha choyera kapena chachikasu chomata pansi pa beseni, chokhakhala mukachikhudza. Kalulu amatulutsa kashiamu (mchere wolimbitsa mafupa) wotsala m'thupi kudzera mu mkodzo, n'chifukwa chake mkodzo wake umaoneka wa mbuu ngati wathiridwa choko. Chikhakhacho n'chofanana ndi chimene madzi a m'zitsime za Lusaka amasiya m'ketulo, poti mzinda wathu unakhala pa miyala ya laimu. Sopo sachichotsa, ndipo m'timaenje take ndi mmene mabakiteriya amabisala, beseni n'kumanunkhabe ngakhale mwalitsuka. Mankhwala ake ndi viniga woyera wa m'khichini. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi, thirani m'beseni, dikirani mphindi 15. Mudzaona timathovu tikutuluka pamene laimuyo akusungunuka. Chikhakha chakale chimafuna viniga wosasakaniza kwa ola lathunthu. Kwechani ndi burashi yapulasitiki. Waya wokwechera mapoto amasiya mikwingwirima imene imadzasunga mkodzo. Tsukuluzani, muyanike padzuwa mpaka liume gwa. Ndi bwino kukhala ndi mabeseni awiri kuti lina likamauma lina lizigwira ntchito. Mukamabwezera, ponyanimo timibulu tingapo ta ndowe zake kuti azindikire malo ake.

Chenjezo limodzi lokhudza moyo wa anthu: jiki asakumane ndi mkodzo kapena viniga. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo m'bafa laling'ono lotseka munthu angathe kubanika. Ngati kalulu anadwala ndipo mukufuna kupha tizilombo ndi jiki, yambani mwatsuka ndi madzi ambiri, muchitire panja, mutsukuluzenso kwambiri.

Mukachita zonsezi koma fungo osatha, vuto lili pa kalulu mwiniyo. Wamphongo wosafula, akakwanitsa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, amayamba kuwaza mkodzo pakhoma ndi pamipando polemba malire ake, ndipo mkodzowo umanunkha kwambiri. Palibe viniga amene angathetse zimenezo, koma kum'fulitsa kwa dokotala wa ziweto wodziwa za akalulu. Fungolo silitha tsiku lomwelo, limazilala pang'onopang'ono kwa mwezi kapena kupitirirapo. Amene sadziwa koyambira angafunse ku sukulu ya madokotala a ziweto ya pa Yunivesite ya Zambia (UNZA). Komanso mbali zonse ziwiri za maliseche a kalulu kuli timatumba tating'ono timene timasunga phula lakuda lonunkha kwambiri. Likaunjikana, lipukuteni mofatsa ndi kathonje koviika m'madzi ofunda.

Chakudya nachonso chimalowererapo. Kalulu ali ndi ndowe zamtundu wachiwiri, zofewa, zonyezimira, zomatana ngati kaphava ka mphesa, zimene amadya yekha zikungotuluka. Izi ndiye zimanunkhadi. Mukamazipeza zitapondedwapondedwa m'beseni kapena zitamata kumchira, kawirikawiri ndiye kuti akudya gaga, buledi ndi zakudya za m'thumba zochuluka, udzu wochepa, kapena wanenepa moti sakuthanso kupindika. Gawo lalikulu la chakudya chake likhale udzu wouma monga wa Rhodes, mulu wofanana ndi thupi lake patsiku. Timibulu ta chakudya cha m'thumba tisapitirire magalamu 25 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Msipu wa luseni uli ndi kashiamu wambiri, choncho ndi woyenera ana a kalulu ndi oyamwitsa, koma kwa wamkulu umachititsa mkodzo kukhala phalaphala. Madzi muwaike m'mbale yolemera yosagubuduzika. Kalulu wa makilogalamu awiri angamwe kapu yathunthu tsiku lotentha, ndipo akamwa mokwanira mkodzo umasungunuka, fungo n'kuchepa.

Mkodzo wofiirira kapena wa mtundu wa lalanje usakuopseni msanga, nthawi zambiri umachokera ku masamba amene wadya. Koma kalulu akamakankha nthawi yaitali n'kutulutsa timadontho, akamanyowa m'ntchafu ubweya n'kumathothoka, kapena mukaona magazi enieni, pitani naye kwa dokotala. Kumbuyo konyowa kumaitana ntchentche zobiriwira zija nyengo yotentha ndi ya mvula, ndipo mazira ake amaswa mphutsi tsiku lisanathe, mphutsizo n'kuyamba kudya mnofu. Muzimuyang'ana kumchira m'mawa ndi madzulo. Musam'mize thupi lonse m'madzi pofuna kuchotsa fungo, chifukwa mantha ndi kuzizidwa zingamuphe. Tsukani pokhapo pamene pada ndi madzi ofunda, mum'pukute mpaka aume.

Zotuluka m'beseni musaziponye mu ngalande. Timibulu touma ta ndowe mungathire mwachindunji pa bedi la repu kapena tomato, pomwe mapepala ndi udzu wonyowa ndi mkodzo ziyambe zaolera pa dzenje la manyowa, zokwiriridwa ndi dothi pang'ono kuti ntchentche zisazipeze.

Mlangizi wa zoweta akalulu,
Chilenje, Lusaka