Sewero la 1984 landikumbutsa aphunzitsi athu amene anangosowa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu ndifotokoze za sewero limene ndinakaonera ku Playhouse Theatre kuno ku London. Anagula matikiti ndi mwana wanga, ati amayi mwatopa ndi ntchito za usiku, tiyeni mukapitidweko mphepo. Sanadziwe kuti akundibwezera ku ubwana wanga.

Seweroli lachokera m'buku la George Orwell lotchedwa 1984, lomwe linatuluka mu 1949. Analikonza ndi Robert Icke ndi Duncan Macmillan, ndipo linayamba kuonetsedwa ku Nottingham mu 2013. Limatenga mphindi 101 popanda kupumira, nambala yofanana ndi ya chipinda chozunziramo anthu m'nkhaniyo. Winston Smith ndi kalaliki wa boma amene ntchito yake ndi kusintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene chipani chanena lero. Iye akondana ndi Julia mobisa, ndipo onse awiri agwidwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi chigawo cha mukantini. Amachibwereza kangapo, nthabwala zomwezo, wina akudandaula zomwezo, wina akusesa pomwepo. Kenako achibwerezanso, koma mnzawo Syme palibe. Malo ake ali pululu, anzake akungodya, ndipo palibe wofunsa kuti wapita kuti. Apo ndinafinya dzanja la mwana wanga mpaka ananditembenukira.

Ndili Sitandade 6 tinali ndi aphunzitsi a samu, amtali, okonda kuika choko kukhutu. Lachisanu anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba. Lolemba m'kalasi munalowa ena, n'kutiuza kuti titsegule tsamba lotsatira. Jekete la aphunzitsi athu aja linakhala pa msomali kuseri kwa chitseko pafupifupi teremu yonse. Nditafunsa kunyumba, mayi anga anasiya kupeta mpunga, n'kundiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Iwe, aphunzitsi ake ati?" Sindinafunsenso.

Nzeru ina yabwino ndi ya kachipinda kobisalamo Winston ndi Julia. Sitikaona ndi maso pasiteji, timakaonera pa sikirini yaikulu kudzera pa kamera. Umakhala ukuwamvera chisoni, kenako n'kuzindikira kuti iwenso wakhala ukuwazonda limodzi ndi apolisi.

Koma chakumapeto okonza seweroli anapyola muyeso. Magetsi othobwa m'maso, phokoso logonthetsa m'kutu, magazi pamalaya, O'Brien, mkulu wina wa chipani, akukakamiza Winston kuvomera kuti 2 kuphatikiza 2 ndi 5. Anthu ena anaphimba kumaso. Sindikutsutsa kuti anthu amazunzidwa chotero, a ku ndende ya Mikuyu angatiuze bwino, monga a Jack Mapanje amene anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Komabe ambiri a ife chipinda chozunziramo sitinachionepo. Mantha athu anali a zii. Anali a khadi la chipani lomwe unkalisunga ngati chiphaso cha moyo kuti ulowe mumsika kapena kukwera basi. Anali a mu 1983, pamene tinauzidwa kuti nduna za boma a Matenje, a Gadama ndi a Sangala, komanso phungu a Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, akuluakulu n'kungoyang'anana, aliyense n'kupitiriza zake. Boma litasintha mu 1994 m'pamene kafukufuku anapeza kuti anachita kuphedwa. Phokoso la kumapeto kwa seweroli linakwirira chete ameneyu, chonsecho mukantini muja anali atamugwira bwino kwambiri.

Pempho langa likupita kwa a zisudzo kumudziko. Malemu Du Chisiza ndi gulu lawo la Wakhumbata anatisonyeza kuti Amalawi amadzaza holo ngati sewero likunena zoona. Nkhani ngati iyi sifuna sikirini kapena magetsi odula. Benchi, bolodi ndi jekete pa msomali n'zokwanira, ndipo okumbukira akadalipo, ngakhale akutha mmodzimmodzi. Pitani mukacheze nawo.

Pobwerera, m'basi, mwana wanga anafunsa chimene chinandiliza. Ndinamufotokozera za aphunzitsi aja ndipo ndinatchula dzina lawo, koyamba chichokereni kusukulu ija. Nditatchula m'pamene ndinazindikira kuti ndanong'ona, ndipo ndayamba ndacheuka kuona amene wakhala kumbuyo kwathu.

Ndine,
Mayi wa ku Zomba,
London