Nyumba ya Fermat ndi masamu opanda chikwapu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe anzanga amene amati nyumba zosungiramo zinthu zakale n'zongosungira miphika yosweka ndi mikondo yadzimbiri. Ku Beaumont-de-Lomagne, tauni yaing'ono kum'mwera kwa France yomwe imatchuka ndi ulimi wa adyo, nyumba imene anabadwiramo katswiri wa masamu Pierre de Fermat kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 anaisandutsa malo ophunzitsira anthu wamba masamu, ndipo bungwe la Fermat Science limakonza kumeneko masewera, zionetsero ndi maphunziro a ana asukulu.

Fermat sankadyera masamu. Anali woweruza milandu ku Toulouse, ndipo manambala ankasewera nawo akaweruka kuntchito, ngakhale kuti makalata amene ankalemberana ndi katswiri mnzake Blaise Pascal mu 1654 ndiwo anayala maziko a masamu owerengera mwayi.

Chimene chimandikopa kwambiri ndi funso limene anasiya, chifukwa mwana wa Sitandade 8 akhoza kulimva. Amisiri athu omanga nyumba amadziwa kuti akayeza ndi chingwe mbali za 3, 4 ndi 5 ngodya imawongoka, pakuti 3×3 kuphatikiza 4×4 ndi 25, chimodzimodzi 5×5. Cha m'ma 1637, Fermat analemba m'mphepete mwa tsamba la buku la Diophantus, katswiri wamakedzana wa masamu, kuti nambala iliyonse mukaichulukitsa ndi iyo yomwe katatu kapena kupitirira apo, simudzapeza manambala athunthu atatu oposa 0 ogwirizana motero. Anawonjezera kuti umboni anali nawo, koma malo olembapo anachepa. Akatswiri anatuluka nalo thukuta funsoli kwa zaka zoposa 350, mpaka Andrew Wiles wa ku England anapereka umboni umene unasindikizidwa mu 1995, pogwiritsa ntchito masamu amene m'masiku a Fermat kunalibe. Ine ndimakayika ngati Fermat analidi ndi umboni wokwanira, koma zimenezo tizisiye.

Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo ndikuvomereza mwamanyazi kuti ambirife tinkayamba ndi malamulo oloweza pamtima, mwana akalakwa n'kumuopseza, nkhani ngati iyi osaitchula n'komwe. Anthu a ku Beaumont anasankha kuyamba ndi funso ndi masewera, m'nyumba momwe mwini funsolo anabadwira. Ndikupempha nyuzi yanu kuti tsiku lina idzasindikize funso la Fermat patsamba la ana, pamodzi ndi chingwe cha mmisiri chija cha 3, 4 ndi 5.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba