Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Thumba la Loss and Damage, lothandiza mayiko pa zotayika ndi zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo

Olemekezeka Bambo Ibrahima Cheikh Diong,

Ndikulemberani pa zomwe zimatsala madzi osefukira akaphwa. Masabata oyambirira aliyense amachita changu: mabwato, mahema, mabulangete, atolankhani. Mavuto aakulu amayamba atolankhaniwo akapakira makamera awo. Mabanja amakhalabe m'makalasi, ana osaphunzira. Zimbudzi zasefukira m'zitsime, kolera n'kubuka, zithaphwi nazo zikuswa udzudzu. Munda wakwiririka ndi mchenga, mwini wake alibe mbewu, chiphaso chake chinapita ndi madzi, ndipo nthawi zina alibenso umboni woti malowo ndi ake. Mlatho umodzi ukakokoloka, mayi woyembekezera sangafikenso kuchipatala.

Kukonza zonsezi kumatenga zaka, ndipo ndalama zake ndi zomwe zimavuta. Namondwe wa Idai atasakaza Beira mu 2019, Mozambique inafuna madola 3.2 biliyoni kuti imangenso. Pamsonkhano wa opereka thandizo analonjeza 1.2 biliyoni, ndipo boma linakatenganso ngongole ku IMF. Ku Pakistan mu 2022 madzi anakhudza anthu 33 miliyoni, oposa 1,700 anamwalira, ndipo zowonongeka ndi zotayika zinafika pafupifupi madola 30 biliyoni. Ku Geneva mu Januwale 2023 kunalonjezedwa madola oposa 9 biliyoni, anthu n'kuomba m'manja. Kenako zinadziwika kuti gawo lalikulu linali ngongole. Munthu nyumba yamugwera, inu n'kumupatsa kapepala ka chiwongoladzanja, ndiye mwati mwamuthandiza?

Thumba lomwe mukutsogolera linavomerezedwa pamsonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022 chifukwa mayiko osauka, omwe sanawononge nawo mpweya kwenikweni, anatopa ndi mchitidwe umenewu. Pamsonkhano wotsatira ku Dubai mu 2023 mayiko analonjeza kuika m'thumbali madola pafupifupi 700 miliyoni. Kuchepa kwake mukukudziwa bwino kuposa ine, ndipo si inu amene munaumira. Koma kagawidwe ka zochepazo kali m'manja mwa inu ndi bodi yanu.

Pempho langa lalikulu n'lakuti mayiko osauka alandire ndalamazi ngati thandizo, osati ngongole, ngakhale ya chiwongoladzanja chochepa motani. Komanso njira yopemphera ikhale yoti khonsolo ya boma laling'ono kapena gulu la anthu okhudzidwa lingathe kuitsata popanda kulemba ganyu akatswiri a kunja. Fomu ikatenga zaka ziwiri, dzinja lina limapeza anthu atabwerera kale m'chigwa chomwecho, atamanganso ndi dothi lomwelo. Amawanena kuti ndi osamva, koma amene anawauza kuti asamuke sanawapatse malo olima, madzi kapena sukulu kumtundako. Kusamutsa anthu mwaulemu kumadya ndalama zambiri, ndipo opereka thandizo sakukonda chifukwa sikuoneka bwino pa chithunzi.

Tiuzeninso poyera, dziko ndi dziko, kuti mwa ndalama zolonjezedwazo zafikadi m'thumba ndi zingati, ndipo zatuluka kupita kuti.

Ndine wanu,
Mmodzi wa otsatira ntchito yanu