Ndalama za mu till si zako, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, mvula yagwa ndipo tadzala kale. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera katatu. Ukuti achifwamba atalowa m'sitolo mwanu Lachisanu lija, iwe unakankha kabati ya ndalama ndi bondo kuti itsekeke, ndipo abwana anakuyamikira. Mawu ako amamveka onyadira. Ine tulo sindinatione usiku umenewo.

Ukukumbukira chipsera cha paphewa pa malemu bambo ako, chija unkachisisita uli wamng'ono? Chinali chikwanje chimenecho. Anali mlonda ku Limbe, ndipo analimbana ndi akuba chifukwa cha matumba a shuga a eni ake. Kutacha sitolo inatsegulidwa monga mwa masiku onse, ine ndili pakhonde la chipatala ndi phala m'fulasiki. Mkono uja sunagwirenso khasu bwino mpaka kumwalira kwawo. Tsono zimenezo zinali zikwanje. Kwanuko ku Tembisa, ku Joni, amabwera ndi mfuti.

Masitolo otchipa ngati yanuyo anthu ambiri amagula ndi ndalama zapamanja, ndipo sabata yoyamba ya mwezi nkhalamba zimadzatapa ndalama za SASSA, zija boma limathandizira okalamba, pa till pomwepo. Achifwamba zimenezi amazidziwa kuposa iwe. Masiku amenewo khala tcheru, makamaka potsegula, potseka, ndi pamene galimoto yonyamula ndalama yaima pakhomo.

Akadzalowanso, manja ako aoneke. Akati gona, gona pansi. Akati tsegula, tsegula, uwapatse zonse, osawayang'ana kumaso, osagwira foni. Kupolisi, pa 10111, udzaimba iwo atapita. Sitolo yaikulu ili ndi inshuwaransi, abwana sadzagona ndi njala.

China ndi pakamwa. Za nthawi imene mumawerenga ndalama, kapena amene amasunga makiyi, usauze munthu, ngakhale mnyamata wokugulira eyataimu. Zikavuta apolisi amayamba kufunsa antchito, ndipo iwe ndiwe mlendo m'dziko la eni.

Chaka chatha tinakalandira maliro a mwana wa anzathu akutchalitchi ochokera komweko. Bokosi linayenda masiku, kudutsa Beitbridge, Tete, mpaka pachipata cha Mwanza. Ndinawaona mayi ake akulisisita ngati akugoneka khanda. Ine zimenezo sindingazipirire.

Mwana wako akufunsa ngati ubwera pa Khirisimasi. Ndamuuza kuti ubwera. Undiimbire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndine mayi ako.